Kumene Tinamusiya Yotamu

Ine ndinabadwira mu George, komboni ya mu Lusaka, ndinakulira mu George, ndipo mpaka tsiku limene ndinawoloka malire pa Chanida sindinkadziwa kuti dothi limanunkhira. Kwathu kuno dothi ndi fumbi lolowa m'maso nthawi yamphepo ndi matope omeza nsapato nthawi yamvula. Ukati ukumbe chimbudzi, piki imagunda mwala dzenje lisanafike m'chiuno. Makolo anga anachokera ku Katete, koma ine kumudziko ndinkangopitira maliro, n'kubwerera ndi basi ya tsiku lotsatira.

Amene ananditulutsa mu Lusaka ndi mlamu wanga Yotamu, mlongo wake wa mkazi wanga. Lole ya mchenga imene ndinkayendetsa inali itagulitsidwa, ndipo ndinkangokhala pakhonde kuwerenga anthu odutsa. Mwana wathu Dalitso anali atangoyamba kulankhula. Yotamu anamva kwa anzake ku Matero, komboni ya panjira yopita m'tauni, kuti kampani ina yodula mitengo ku Mozambique ikufuna oyendetsa mathirakitala, ndiye anabwera akuthamanga, thukuta lili kamukamu.

"Ba mulamu, muzankala so mpaka liti? Tiyeni tikasebenze. Imwe muziba kuyendetsa, ine nili na mphamvu. Chaka chimozi chabe, tabwela."

Tsiku lonyamuka apongozi anga, amayi ake a Yotamu, anatiperekeza mpaka pa basi. Iwo ndi a ku Katete enieni, Chinyanja cha m'tauni sichinawalowe, ndipo sankandiyang'ana kumaso polankhula nane. Anayang'ana matayala a basi n'kunena kuti, "Atate a Dalitso, mwana uyu ndi wopupuluma. Mukamuyang'anire. Mwanyamuka awiri, mukabwere awiri."

Ndinayankha kuti inde amayi, mopepuka, ngati munthu wovomera kukagula mchere.

Msasa wathu unali kutali ndi msewu wa phula. Tinayenda pa lole tsiku lathunthu m'kanjira kodula pakati pa nkhalango, n'kuwoloka mtsinje pa mlatho wa zipika. Titatsika ndinapatuka kuti ndikataye madzi, ndipo phazi langa linamira. Ndinadzidzimuka, ndimayesa ndaponda chinthu chakufa. Anali masamba chabe, masamba a zaka ndi zaka, ndipo pansi pake panali dothi lakuda, lozizira, lofewa ngati buledi. Ndinatapa pang'ono n'kununkhiza. Sindidziwa kuti ndilifanizire ndi chiyani fungo limenelo. Yotamu anandipeza nditagwada, dothi lili pamphuno, ndipo anaseka mpaka anakhala pansi.

"Ba mulamu, njala yayamba kale? Mukalibe na kusebenza!"

Ntchito inali yotere. Ocheka ankalowa ndi masowo a injini kugwetsa mlombwa, mngongomwa ndi phingo. Ine ndinkatsatira ndi thirakitala, ndipo Yotamu ndiye ankamanga unyolo kuchipika n'kundikweza dzanja kuti ndikoke. Zipikazo tinkaziunjika pabwalo lalikulu limene makina anapala mpaka katondo wofiira. Bwalolo tinkalitcha sitalero, potengera mawu a Chipwitikizi, ndipo malole ankatembenukira pomwepo tsiku ndi tsiku.

Kuti tifike pa mtengo umodzi wabwino tinkathyola mitengo ing'onoing'ono yosawerengeka. Ulendo woyamba matayala ankangopondereza masamba. Ulendo wachisanu dothi lakuda lija linali litakankhidwira m'mbali. Pofika kumapeto a sabata njira inkawala ngati pansi pa nyumba yozira. Ine ndinkakondwera nazo, chifukwa panjira yolimba thirakitala imayenda bwino.

Tinkagona m'matenti, anthu a mitundu yosiyanasiyana, a ku Tete, a ku Malawi, ndi ife a ku Zambia ochepa. Madzi anali a mumtsinje, malungo sankachoka pamsasa, ndipo nyemba zinali zomwezomwezo mpaka munthu kuzilota. Koma Lamlungu masana tinkatsikira kumtsinje kukachapa, ndipo Yotamu ankaimirira pamwala ali ndi kabudula yekha, kuitanira ngati kondakitala wa minibasi: "Lilanda, Lilanda! George! Mumozi chabe, tiyende!" Anthu amene sanauonepo Lusaka ankakwera pamwalapo n'kukhala mopanikizana, iye akuwalipiritsa timiyala. Ine ndinkaseka nawo, koma mtima unali kwathu, chifukwa mawu amenewo ndi amene amadzutsa komboni yathu m'mawa uliwonse.

Mvula yoyamba itagwa, amayi a m'mudzi wapafupi anayamba kubwera kudzagulitsa bowa. Pakati pawo panali mtsikana wina dzina lake Luwiza, wamfupi, wa pakamwa polasa. Kuderalo amalankhula Chichewa ngati cha apongozi anga, ndiye Chinyanja chathu cha m'tauni chinkamuseketsa. Yotamu akati "vinthu," iye ankati, "Vinthu ndiye chiyani? Kwanuko zinthu zinatha?" Sipanapite nthawi, Yotamu anayamba kusowa kumtsinje Lamlungu.

Tsiku lina Luwiza anabwera ndi dengu losadzaza. Anandipeza ndikuthira mafuta m'thirakitala.

"Ndinu amene mumayendetsa chinthuchi? Bwerani muone."

Anathyola kamtengo kotalika ngati mkono. Tinalowa pamene sitinadulepo, iye n'kukabaya pansi. Kanalowa mosavuta mpaka dzanja lake linakhudza masamba. Anafukula pang'ono, n'kundionetsa timizu topyapyala tolukana, ndi tiulusi toyera ngati nkhungu ya pa chakudya chogona.

"Bowa amachokera apa. Ndelema, manyame, onsewo. Amakhala ndi mizu ya mitengoyi."

Kenako tinabwerera panjira yanga, n'kubayanso. Kamtengo kanathyoka.

"Apa madzi alowera pati? Nyongolotsi ipumira pati? Chaka chatha malo ano ndinkadzaza madengu awiri dzuwa lisanatenthe."

Ndinati ine ndine wantchito chabe, ndimapita kumene kapitawo waloza. Iye anandiyang'ana n'kuti, "Alamu, inu mudzapita kwanu." Aka kanali koyamba kunditchula alamu.

Chaka chimodzi chija chinakwana, Yotamu osatchulanso zobwerera. Zimene tinkapeza tinkatumiza kunyumba kudzera kwa madalaivala a malole, ndipo mkazi wanga anayamba kabizinesi ka tomato. Tinagwirizana kuti tiwonjezere chaka china.

Mvula ya chaka chachiwiricho inabwera msanga ndipo sinkapuma. Madzi amene kale ankalowa pansi tsopano ankathamanga m'mikwasa ya matayala anga. Panali njira ina yotsetsereka kuchoka paphiri kupita ku sitalero, ndipo m'masabata awiri okha mkwasa wa kumanzere unasanduka chigwembe chofika m'chiuno. Pamwamba paphiripo panali patatsala zipika za mngongomwa, ndipo kapitawo ankafuna zitsike mtsinje usanatseke msewu. Ndinamuuza kuti pansi pafewa. Anati amene akuopa matope apite kwawo. Ndikanatha kuzimitsa injini n'kutsika. Sindinatsike.

Tinatsitsa zipika zitatu bwinobwino. Pa chachinayi, Yotamu ankayenda kumunsi kwa njira, akundilozera pamene ndipondetse tayala. Ndinamva thirakitala ikupendekera, m'mphepete mwa chigwembe mukugumuka pansi panga. Ndinaponda mafuta kuti ndituluke. Thirakitala inatulukadi, koma chipika kumbuyo chinakokeka mwamphamvu, n'kugubuduka chammbali. Nditacheuka Yotamu sanaoneke.

Tinamutulutsa ali moyo. Anandigwira malaya n'kuti, "Ba mulamu, vanipweteka," ngati mwana amene wagwa panjinga. Tinamunyamula pa chitseko cha sitolo ya msasa kuthamangira kumtsinje, koma mlatho unali utakokoloka m'mawa womwewo. Anamwalira tili pagombe, tikuyang'ana madzi ofiira akudutsa ndi mitengo.

Msewu unatsekeka masabata atatu. Eni dera anatiloleza kumuika m'mphepete mwa sitalero, pamtunda posafika madzi. Tinakumba anthu asanu ndi mmodzi mosinthana, mapiki akudumpha, chifukwa malole anali ataponda malowo zaka ziwiri. Mvula yonse ija inangonyowetsa pamwamba, pansi pake pali gwaa. Luwiza anaima patali ndi amayi anzake. Sanalire mokweza. Anangoyang'ana mapikiwo.

Ndinakwera phiri lina kumene foni inkagwira, n'kuimbira mkazi wanga. Ndinati chipika chamugwera Yotamu. Sindinaname, koma sindinanene amene ankachikoka.

Msewu utatseguka kampani inasamutsa msasa. Ndikanakwera lole yopita kumalire. Koma ndikaganiza zotsika basi ndekha, apongozi akuyang'ana kumbuyo kwanga kuti wachiwiri atsike, ndinkaona kuti sindingathe. Ndinakwera lole yopita kum'mawa. Luwiza sindinamutsanzike.

Ndinakhala mvula zina zisanu, ku Zambezia, kenako ku Niassa. Masiku a kumeneko amandisokonekera m'mutu, misasa yonse imafanana. Chimene ndimakumbukira n'chakuti ndinayamba kuyang'ana pansi. Ndinaona kuti dothi lonyowa ndi limene limafa msanga, kuti ulendo umodzi wa thirakitala m'dzinja umawononga kuposa maulendo ambiri m'chilimwe. Ndinaona kuti pamene tasiya nthambi zili mbwee, pansi pake pamakhala chinyezi ndipo chiswe chimafika msanga, koma moto wa mu Okutobala ukadutsa pamenepo umatentha mpaka dothi kuyera. Tikamaliza dera, ndinkatsalira ndi khasu kudula timigula topingasa njira kuti madzi apatukire m'tchire, n'kukokera nthambi m'mikwasa. Anzanga ankati Mzambia uyu wapenga, akusesa nkhalango. Palibe ankandilipira pa zimenezo, ndipo palibe amene ndinamuuza chifukwa chake.

Kunyumba ndinkaimba foni mwa apo ndi apo. Mkazi wanga ankayankha mwachidule. Dalitso ali bwino, amayi ali bwino, kwagwa mvula. Sankafunsa kuti ndibwera liti, ndipo kusafunsako kunkandipweteka kuposa kukalipa. Madzulo ena, dzuwa likulowa, ndinkatseka maso n'kuyenda George yense m'mutu: pa mpope, pa mayi wokazinga vitumbuwa, pa ngalande yonunkha ija pafupi ndi tchalitchi, mpaka pageti lathu la malata. Pageti pomwepo ndinkaima.

Chimene chinandibweza ndi malungo amene anatsala pang'ono kundipha. Nditadzuka ndinaganiza kuti ndikafera kuno, apongozi adzakhala ndi manda awiri osawadziwa.

Ndinapeza nyumba ili ndi chipinda chatsopano chimene sindinamange ine. Mkazi wanga anali ndi tebulo lakelake pamsika wa Lilanda, mawu ake atakula, anthu akumupatsa ulemu. Dalitso anali mnyamata wa sukulu. Anandipatsa moni atagwada, "Mwabwela bwanji, ba tate," ngati akuwerenga pa bolodi. Nditati ndikonze chitseko chimene chinkakhula pansi, iye anati, "Siyani, timachita so," n'kuchinyamula pang'ono ndi phazi. Nyumba inali itaphunzira kukhala popanda ine.

Apongozi anali atachepa thupi, tsitsi lonse mbuu. Anandilandira ndi ulemu wonse. Anafunsa za ulendo, za matenda anga, ngati kumeneko kumalimidwa chimanga. Pomaliza anayang'ana kukhoma n'kuti, "Atate a Dalitso, ndifunseko chimodzi. Mwana wanga agona pamthunzi kapena padzuwa?"

Ndinakumbukira katondo wofiira uja, zitsa zokhazokha kuzungulira, popanda ndi tsamba lomwe. Ndinati, "Sindidziwa, amayi. Papita nthawi."

Anagwedeza mutu, osafunsanso.

Ndinapeza ntchito yoyendetsa lole ya miyala ndi mchenga, ndipo moyo unayamba kuyenda. Koma chinandidabwitsa n'chakuti ine amene ndinkalira George ndili kunkhalango, tsopano ndinkalira nkhalango ndili mu George. Mvula yoyamba ikagwa ndinkatuluka panja kukoka mpweya, koma kunkangomveka fumbi lonyowa ndi ngalande. Lole ya zipika ikandidutsa pamsewu ndinkayang'ana dothi lomatirira kumakungwa, n'kumaganiza kuti lachokera kuti, ndipo kumeneko kwatsala zotani. Ndikamva kondakitala akuitanira "Lilanda, Lilanda," ndinkacheuka.

Panapita zaka zina ziwiri. Tsiku lina mkazi wanga, akusankha tomato wofewa, anangoti, "Batate bake Dalitso, amai bakalamba. Funso yao ikali chiimilile. Mvula ikasila, munipeleke kumanda kwa Yotamu."

Tinanyamuka mu Juni. Titawoloka malire tinakwera galimoto, kenako njinga zamoto, mpaka pamudzi wa Luwiza. Anyamata a njingazo anati kupitirira apo kulibe msewu, kampani itachoka palibe galimoto imene inadutsamonso. Ndinafunsa za Luwiza ndili ndi mantha kuti mwina anakwatiwa kutali. Anatilozera nyumba ya kumapeto.

Anali pabwalo akupeta mapira. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuti, "Alamu. Mwakumbukira njira." Kenako anaitana m'nyumba, "Tasiyana, bwera upereke moni kwa alendo."

Kunatuluka mtsikana wa zaka ngati zisanu ndi ziwiri. Ine sindinadziwe kuti pamene tinkakumba manda aja Luwiza anali woyembekezera. Mkazi wanga sanafunse kanthu. Anaona mphumi ya Yotamu, makutu ake oima aja, n'kukhala pansi pafumbi, chikwama chili m'manja. Anakoka mwanayo n'kumugwira nkhope ndi manja onse awiri, akulira, "Yotamu, Yotamu iwe." Mwanayo anayang'ana amayi ake mwamantha. Luwiza anati, "Usaope. Ndi atate ako aakazi amenewo."

M'mawa mwake Luwiza anatitsogolera, mwana ali patsogolo. Ndinkaganiza kuti ndikazindikira malo onse, popeza njira zimenezo ndinazipanga ndine. Sindinazindikire kanthu. Zitsa za mombo ndi mtondo zimene tinathyola zinali zitaphuka, mphukira zinayi kapena zisanu pa chitsa chimodzi, zotalika kuposa denga la nyumba. Maso sankaona msewu. Mapazi okha ndiwo ankaumva, mikwasa iwiri yobisika pansi pa udzu.

Luwiza ankafotokoza akuyenda, osacheuka. Chaka choyamba, anati, kunali matope ndi madzi oima, ng'ombe zinkaterereka. Kenako kunamera udzu wolimba ndi zitsamba zaminga, pakati pa mikwasa pokha. Chiswe ndicho chinayamba ntchito, kudya nthambi zimene tinasiya, kuboola pansi, kutulutsa dothi. Mphukira zitakula zinayamba kugwetsa masamba, masamba n'kuwolerana.

"Nanga bowa?" ndinafunsa.

"M'mbalimu anabwerera mwana uyu atayamba kuchoka mano. Pang'onopang'ono. Koma m'mene munkapita matayala ayi, mpaka lero." Anaima n'kuloza chitsa chachikulu chakuda. "Ndipo mngongomwa ngati uwu, ine sindidzauonanso. Kaya mwana uyu."

Ndinathyola kamtengo n'kubaya mumkwasa. Kanalowa ngati chala chimodzi, n'kuima.

Dzuwa lili pamutu tinafika pa chitsetse chija. Apa pokha ndinapadziwa. Chigwembe chinalipo, koma m'mbali mwake munali mutagumukira mkati, pansi padzaza mchenga ndi masamba, nsungwi zitamera. Malo ooneka amtendere, oti munthu angakhalepo kudya chimanga. Luwiza anandiyang'ana, n'kugwira mwana dzanja, kupitirira naye patsogolo.

Ndinati, "Bamake Dalitso, ni pano. Ndipo chipika sichinagwe cheka. Nine nenze kuchidonsa. Nine ninaponda mafuta."

Mkazi wanga anayang'ana m'chigwembemo. Anati, "Niziba."

Ndinamufunsa kuti anadziwa bwanji.

"Dalaiva wa lole anatiuza mwezi wamene uja. Anakamba vonse, na vakuti munakana poyamba, kapitao anakukakamizani."

"Na amai baziba?"

"Ndiye benze boyamba kumvela." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Thirakitala siinanibabe maningi, batate bake Dalitso. Ngozi ni ngozi. Chinanibaba ni chakuti munatisiya tilila teka. Amai benze kufuna munthu wamene anamuona pothela, abauze mwamene anayendela. Imwe munathaba. Zaka zisanu."

Ndinakhala pansi m'mphepete mwa chigwembe n'kulira kulira kumene sindinalire pamaliro. Iye sanandigwire, koma sanandisiyenso. Anaima pomwepo mpaka nditatha, n'kuti, "Imani. Tiyeni tikamuone."

Sitalero ndi yokhayo imene inali isanasinthe kwenikweni. Pakati pa nkhalango yobiriwirayo panali bwalo lofiira, lolimba, udzu uli apa ndi apo ngati tsitsi la wodwala. M'mbali mokha ndi mmene tchire linkalowa pang'onopang'ono, timizere ta chiswe tili patsogolo. Zidutswa za tayala ndi chitini cha mafuta chadzimbiri zinali pomwe tinazisiya.

Manda anali olambulidwa bwino, atazunguliridwa ndi miyala. Pozungulira pake dothi linali lakuda. Luwiza anati chaka chilichonse ankabwera ndi khasu kukumba timaenje kuti madzi azilowa, n'kuthiramo masamba ndi ndowe, n'kuphimba ndi nthambi. Zaka zitatu zoyamba palibe chinamera. Kenako muzu wa mombo umene unali moyo pansi unatulutsa mphukira chakumutu, iye n'kumaiteteza ku moto. Tsopano unali mtengo wonenepa ngati ntchafu ya munthu, ndipo pamene tinafikapo mthunzi wake unali utaphimba manda kuyambira kumutu mpaka pachifuwa.

Mkazi wanga anagwada n'kuyamba kulankhula ndi mlongo wake ngati ali pakhonde. Anamuuza za amayi, za Dalitso, za anzake a ku Matero amene anakwatira ndi amene anamwalira. Anamukalipira kuti anabisa mkazi wabwino chotere. Tasiyana anakhala pamwala akumvetsera Chinyanja chachilendocho, ndipo atamva "vinthu" anabisa kamwa ndi dzanja.

Tinakhala pamudzipo masiku atatu. Tsiku lomaliza mkazi wanga anapempha chimene ndinkadziwa kuti apempha. Anati mwana apite nafe ku Lusaka, akaone ambuye ake, akaphunzire sukulu yabwino, adzabwera patchuthi.

Luwiza anayankha mofatsa. "Alamu, musandione woipa. Kwanuko kunabwera anthu awiri. Mmodzi ndinamuika m'manda, wina anachoka osatsanzika. Uyu ndiye ndatsala naye. Akakula adzasankha yekha. Koma pakhomo pano mpotsegula, amene afuna kumuona abwere."

Mkazi wanga anafuna kulimbikira, koma anayang'ana manja a Luwiza amene anasamalira manda aja, n'kuleka. Anavula chitenje chake chatsopano n'kumuveka mwanayo.

Titafika mu George tinapeza apongozi ali pampando wawo pakhonde. Ndinagwada patali pang'ono monga mwa mwambo, n'kunena zonse, kuyambira pa chipika chachinayi mpaka pagombe la mtsinje, ndi mawu omaliza amene mwana wawo ananena. Anamvetsera maso ali pansi. Nditamaliza anati, "Mwachita bwino kunena." Mkazi wanga ndiye anawauza za mthunzi, n'kuwapatsa foni kuti aone chithunzi cha Tasiyana. Anaiyandikiza kumaso, n'kuitalikitsa, n'kuiyandikizanso. Anakhala nayo mpaka inazima yokha.

"Amayi ake akana naye?"

"Bakana, amai."

"Achita bwino. Inenso ndikanakana." Anabweza foni. "Galimoto imafika pamandapo?"

Ndinati ayi, msewu unamera mitengo. Kuchoka pamudzi munthu amayenda pansi, mtunda ngati kuchoka pano kukafika m'tauni, ndipo pali chitunda.

M'mawa mwake, ndisanapite kuntchito, ndinawapeza ali pageti, atamanga chitenje cholimba, ndodo ili m'manja. Munthu amene kwa zaka ziwiri sankapitirira pa tchalitchi. Mkazi wanga anafuula kuti amai muyenda kuti, iwo n'kuti akukaongola miyendo.

Kuyambira tsiku limenelo timayenda m'mawa uliwonse. Iwo amatsogola, ine ndimatsatira kumbuyo ndi kampando, popeza mkamwini sayenda phewa ndi phewa ndi apongozi ake. Sabata yoyamba tinkafika pa mpope n'kubwerera. Kenako pa tchalitchi. Mvula yabwera, tikudumpha zithaphwi, makondakitala atizolowera ndipo amatikuwira kuti ambuya kwelani mahala, iwo amangokweza ndodo. Adokotala a pakiliniki anati mtima wawo si wolimba, tisawakakamize. Palibe akuwakakamiza. Mvula ikatha, mitsinje ikaphwa, akuti tinyamuke, akaone manda a mwana wawo.

Dzulo tinafika pamsika wa Lilanda osapuma panjira. Ndinawaikira kampando pafupi ndi tebulo la mwana wawo, anakhala, akupuma mofulumira, thukuta likutsika m'makwinya. Atapezako mpweya anandifunsa, maso ali kumsewu, ngati apa tafika theka la mtunda wa kumanda uja.

Ndinati, "Tikalibe, amayi. Mwina theka la theka."

Anasisita bondo.

"Ndiye mawa mudzandidzutse msanga," anatero. "Tikayese Matero."